Ofesi ija tinaibweza mu Ogasiti, dzinja ladutsa: ntchito ya amisiri yapirira?

Kampani yathu yaing'ono yowerengera ndalama za mabizinesi inasamuka mu Ogasiti kuchoka m'nyumba yakale ya pakati pa tauni ya Zomba kupita ku Matawale. Pangano la lendi linati ofesiyo tiibweze mmene tinaipezera, ndipo a landilodi anasunga theka la dipoziti mpaka mvula idutse. Tinapatsa ntchitoyo gulu la amisiri a ku Chinamwali. Panthawiyo ndinawayamikira, koma mu Ogasiti khoma lililonse limaoneka bwino chifukwa kunja kwauma. Tsopano tayenderanso ofesi ija pamodzi ndi a landilodi, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Nkhani yaikulu inali khoma lakumbuyo, lomwe linabisika ndi makabati a mafayilo kwa zaka zonse zomwe tinakhalamo. Titachotsa makabatiwo tinapeza penti itatupa, pansi pake pakuda ndi nkhungu. Amene amaidziwa Zomba sangadabwe. Nyumba zambiri za m'tauni muno ndi zakale, zina zinamangidwa mzindawu ukadali likulu la dziko, 1975 isanafike, ndipo madzi otsika kuphiri amalowa pansi n'kukwera m'njerwa. Amisiri ena omwe anatipatsa kotesheni anati angopala n'kupaka penti kawiri, basi. Mkulu wa gulu la ku Chinamwali anakana. Anati agumule pulasitala kufika cha m'chiuno, khoma liume kaye, kenako apake simenti yosakaniza ndi mankhwala otchinga madzi, andakoti (penti yoyamba yapansi), penti pomaliza. Zinachedwetsa kupereka makiyi, ndipo tinalipira lendi ya masiku owonjezera tikung'ung'udza. Lero khomalo lili bwinobwino, silinatupe ngakhale pamalo amodzi.

Chomwe chinatipulumutsa kwambiri ndi chakuti bamboyo anazungulira kuseri kwa nyumba n'kupeza kuti ngalande yodutsa m'mbali mwa khomalo inatsekeka ndi dothi. Anati, "Achimwene, izi zilembedwe, chifukwa madzi awa si inu munawabweretsa." Tinajambula zithunzi, tinalemba papepala loperekera ofesi, a landilodi anasayina, ndipo ngalandeyo anaikonzetsa okha. Banga lomwe latuluka pa siling'i mu Febuluwale nalonso silinatigwere, chifukwa papepala lomwelo panalembedwa kuti lata limodzi linali lodontha kale. Popanda pepala lija, bwenzi tikukanganabe.

Zamagetsi zilibe nkhani yambiri. Masoketi omwe tinawonjezera, mawaya a inveta ndi a intaneti anazichotsa mwaukhondo, ndipo amene akuchita lendi pano akuti sanaonepo vuto. Mita ya ESCOM ndi yogulira mayunitsi, ndiye panalibe ngongole yotsala. Bilu ya Southern Region Water Board tinalipira tsiku lochoka n'kusunga risiti.

Pomwe panali mapatishoni (mabodi ogawira zipinda) ndi pomwe ntchito yayamba kuonetsa kufooka. Mabodi anachoka bwino, koma misomali inasiya mabowo m'matailosi. Matailosi amtundu womwewo sanapezeke ngakhale ku Limbe, choncho anaika ofananako. Atangoikidwa kumene sizimadziwika kwenikweni, koma pano mzere wake ukuoneka kuchokera pakhomo, ndipo awiri akumveka kuti pansi pake palibe simenti yokwanira ukawagogoda. Apa a landilodi anadula ndalama, ndipo sindinatsutse.

Chomwe chandikwiyitsa ndi kunja. Dzina la kampani yathu linalembedwa ndi penti pakhoma loyang'ana kumsewu. Amisiriwo analifufuta, koma zikuoneka kuti anagwiritsa ntchito penti yam'kati yotsala ija. Mvula ya Januwale itamenya, zilembo zinayamba kutuluka ngati chipsera, moti makasitomala athu ena anakagogoda kumeneko poganiza kuti tinabwerera. Nditaimba foni ndinamva "mawa tibwera" kangapo. Anabweradi pamapeto pake n'kupakanso ndi penti yakunja osatilipiritsa, koma munthu yemwe anaumirira kuti khoma lam'kati liume kaye sanayenere kuchita ulesi wotere panja.

Pa ndalama, njira yawo inandikomera. Anatiuza kuti tigule tokha simenti, penti ndi matailosi, iwo tiwalipire ya manja okha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotesheni ya zipangizo sichedwa kutha ntchito, ndipo mmisiri amene walonjeza mtengo umodzi wa zonse amadzabweza ndalama yake pochepetsa penti. Dipoziti nayo ili ndi chilonda chomwecho: tinaipereka kalekale, yabwera ndi nambala yake yomwe ija, koma lero singagule theka la simenti yomwe ikanagula nthawi imeneyo. Amene mukusayina pangano latsopano, kambiranani kuti isasungidwe nthawi yaitali chonchi.

A landilodi abweza zotsalazo kupatula ya matailosi. Ku Matawale tikufuna kugawa chipinda chimodzi pawiri, ndipo ndawaitananso amisiri omwewa, koma ndawauziratu kuti patishoni imangiriridwe kukhoma ndi kumwamba, pansi pasakhomedwe msomali.