Masabata 12 pa pulogalamu yosala kudya ya anthu a shuga: inandithandiza, koma lonjezo lake la kapamba ndi lopitirira

Ndinalembetsa pulogalamu imeneyi chifukwa cha chiganizo chimodzi cha pa tsamba lake lotsatsira malonda, chonena kuti kusala kudya maola 16 tsiku lililonse kumadzutsa maselo a kapamba amene anasiya kugwira ntchito. Ndakhala ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri kwa zaka zinayi, ndipo munthu amene amameza mapiritsi m'mawa ndi madzulo akamva mawu otere mtima umagunda mosiyana ndi wa munthu wopanda vuto. Tsopano ndamaliza masabata onse 12, ndipo ndikulemba kuti amene akuganiza zolipira adziwe chimene akugula.

Ukalembetsa umalandira wotchi ya pafoni yowerengera maola amene wasala, malo olembapo shuga wako ukayeza, phunziro la pavidiyo sabata iliyonse, komanso mlangizi amene umalemberana naye mauthenga. Mbali imeneyi inakonzedwa mwanzeru. Sabata yoyamba umasala maola 12, yachiwiri 14, ndipo maola 16 umafikapo m'sabata yachitatu thupi litayamba kuzolowera. Mlangizi wanga anali mayi woleza mtima, ndipo nditadandaula kuti shuga wanga wa m'mawa akukwera ngakhale kuti usiku wonse sindinalawe kanthu, anandifotokozera bwino kuti m'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni amene amachititsa chiwindi kutsanulira shuga m'magazi, choncho ndisadziimbe mlandu. Palibe amene anandiuzapo zimenezi m'zaka zinayi zonsezo. Pomaliza ndinali nditatsika ndi makilogalamu asanu, ndipo HbA1c yanga, yomwe imasonyeza mmene shuga wayendera m'miyezi iwiri kapena itatu, inachoka pa 8.2 kufika pa 7.1. Chizolowezi chodya usiku ndisanagone chinatha, ndipo pa chimenechi ndikuwathokoza ndi mtima wonse.

Vuto lalikulu lili pa fomu yolembetsera. Pa nkhani ya mankhwala imafunsa funso limodzi lokha, loti kodi umadzibaya insulini, ndipo ine ndinayankha kuti ayi, n'kudutsa. Sinafunse mayina a mapiritsi amene ndimamwa, omwe panthawiyo anali metformin ndi gliclazide. Tsiku lachinayi la sabata yachitatu, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndili pa ola la 15, ndinaona kuti cholembera chikunjenjemera m'dzanja langa ndipo malaya anali atamatirira kumsana ndi thukuta lozizira. Ndinavutika kulowetsa kapepala m'kachipangizo koyezera chifukwa zala zinali zitafooka, ndipo nambala imene inatuluka inali 3.3, pamene chilichonse chotsika kuposa 3.9 chimawerengedwa kuti shuga watsika mopitirira. Pa foni wotchi ija inali ikundilimbikitsa kuti kwangotsala ola limodzi ndipirire. Ndinatafuna mapiritsi a glukosi, n'kukhala pansi mpaka maso atayera, koma uthenga umene ndinatumiza kwa mlangizi unayankhidwa madzulo.

Dokotala wanga ndi amene anandimasulira chimene chinachitika. Metformin imagwira ntchito makamaka pachiwindi, kuchiletsa kutulutsa shuga wambiri, n'chifukwa chake payokha kawirikawiri sitsitsa shuga mopitirira. Koma gliclazide ndi anzake monga glibenclamide amakakamiza maselo a beta a m'kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo ine ndinkameza piritsi la m'mawa pamimba popanda kanthu. Dokotalayo anasintha mlingo ndi nthawi yomwera, ndipo vutolo silinabwerenso. Ananenanso za mankhwala ngati empagliflozin ndi dapagliflozin, amene kwa munthu wosala kudya angayambitse kuchuluka koopsa kwa asidi m'magazi ngakhale shuga akuoneka wabwinobwino. Pulogalamu yogulitsidwa kwa anthu a shuga iyenera kufunsa zimenezi pakhomo penipeni, osati kungolemba timawu ting'onoting'ono pansi pa tsamba toti funsani dokotala.

Tsopano za lonjezo lija. Phunziro la sabata yachisanu ndi limene limalifotokoza, ndipo liri ndi zithunzi zokongola za timagulu ta maselo a m'kapamba timene wasayansi Paul Langerhans anali woyamba kutifotokoza mu 1869, tikuoneka tikudzazanso ndi maselo atsopano. Kafukufuku amene amamutchula alipodi. Mu 2017 gulu la ofufuza la Valter Longo la ku University of Southern California linafalitsa m'magazini ya Cell zotsatira zosonyeza kuti chakudya chochepa kwambiri, choperekedwa masiku anayi kenako n'kubwereza, chinadzutsa jini yotchedwa Ngn3 ndipo maselo a beta anayamba kupangikanso. Chimene vidiyoyo sinena ndi chakuti zimenezi zinachitika m'mbewa, kuti za anthu zinayesedwa pa maselo osungidwa m'labotale basi, komanso kuti masiku anayi kwa kanyama kopepuka chonchi ndi chinthu chosiyana kwambiri ndi munthu kudumpha chakudya cha m'mawa. Ndipo ngati tikuwerenga za nyama, tiwerenge zonse. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya São Paulo ananena pa msonkhano wa akatswiri a mahomoni ku Barcelona kuti makoswe amene ankasala tsiku limodzi n'kudya linalo kwa miyezi itatu anaonda, koma mafuta a pamimba anachuluka ndipo maselo otulutsa insulini anaonetsa zizindikiro za kuwonongeka. Mu 2025 ofufuza a ku Munich anapeza kuti kusala kwa masabata 10 kunathandiza mbewa zazikulu, pamene kwa mbewa zimene zinali zikukulabe kunasokoneza kukhwima kwa maselo a beta. Palibe mwa zimenezi chimene chimatchulidwa m'maphunziro onse 12, ndipo fomu ija imafunsa zaka zakubadwa pongofuna kuwerengera kulemera koyenera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti umboni wa pa anthu ulipo, ndipo ndi wabwino moti sunafunikire kuwonjezeredwa. Mu 2018 gulu la Courtney Peterson linayesa amuna asanu ndi atatu amene shuga wawo anali atatsala pang'ono kufika pa matenda, n'kuwadyetsa m'maola asanu ndi limodzi okha, chakudya chomaliza isanakwane 3 koloko masana. Patatha masabata asanu matupi awo ankamvera insulini bwino ndipo maselo a beta ankayankha bwino, ngakhale kuti sanaonde. Ndi anthu ochepa, koma ndi anthu. Mu 2023 gulu la Krista Varady ku Chicago linatsatira anthu 75 a shuga wa mtundu wachiwiri kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amene ankadya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku anaonda, HbA1c yawo n'kutsika mofanana ndi ya amene ankangochepetsa chakudya. Zimenezi zikutanthauza kuti wotchi ndi njira yosavuta yodyera pang'ono, ndipo kwa ine ndi mmenedi zinakhalira.

Umboni wamphamvu kwambiri wa kapamba sunachokere n'komwe ku kusala kwa maola. Kafukufuku wa DiRECT, wotsogoleredwa ndi Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow, anapatsa anthu chakudya chamadzimadzi cha makalori pafupifupi 850 patsiku kwa miyezi itatu mpaka isanu. Patatha chaka, anthu 46 pa 100 alionse shuga wawo anali bwino popanda mankhwala, ndipo mwa amene anatsika ndi makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 pa 100. Patatha zaka ziwiri chiwerengero choyamba chija chinatsika kufika pa 36. Taylor amafotokoza kuti mafuta akaunjikana m'chiwindi ndi m'kapamba, maselo a beta amalema n'kusiya ntchito yawo, ndipo mafutawo akachoka ena amayambiranso. Koma onse amene analowa m'kafukufukuyu anali atadwala zaka zosapitirira zisanu ndi chimodzi ndipo sankabaya insulini. Choncho maselo olema angathe kupuma n'kudzuka, makamaka matenda akadali aposachedwa, koma zimenezo ndi zosiyana ndi kumera kwa maselo atsopano kumene zithunzi zija zimasonyeza. Pulogalamuyi siyeza ngakhale C-peptide, mayeso a magazi amene amasonyeza kuchuluka kwa insulini imene kapamba wa munthu akupanga, ndiye ilibe njira yodziwira ngati lonjezo lake likuchitika mwa kasitomala aliyense.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa munthu wa shuga wa mtundu woyamba amene angaone malonda amenewa. Mwa iye chitetezo cha m'thupi chinawononga maselo a beta, ndipo njala siiwabwezeretsa. Insulini isanapezeke, dokotala Frederick Allen ankasunga odwala otere powapatsa chakudya chochepa kwambiri, ndipo ankangowonjezera miyezi kapena zaka zochepa pa moyo wawo ali mafupa okhaokha, mpaka Frederick Banting ndi Charles Best atayamba ntchito yawo ku Toronto mu 1921 ndipo wodwala woyamba atabayidwa insulini mu Januwale 1922. Fomuyi imakana amene ayankha kuti amabaya insulini, ndipo pamenepo inachita bwino, koma mawu otsatsira malonda aja amafika kwa aliyense, ngakhale kwa kholo la mwana wodwala.

Munthu wamkulu wa mtundu wachiwiri, amene ali ndi thupi lofunika kuchepetsa, yemwe si woyembekezera ndipo sanavutikepo ndi matenda okhudza kadyedwe, angapindule ndi pulogalamuyi ngati ayamba wakhala pansi ndi dokotala wake, mndandanda wa mankhwala uli patebulo, ndipo ali ndi kachipangizo koyezera pafupi m'masabata oyambirira. Ine sindinalembetsenso, chifukwa chimene ndinkafunika kuphunzira ndachiphunzira, ndipo ndikupitiriza kudya pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Metformin ndikumwabe, popeza madokotala amanena kuti matenda agona pokhapokha HbA1c ikakhala pansi pa 6.5 kwa miyezi itatu munthu asakumwa mankhwala, ndipo ine sindinafikepo. Ndinawalembera eni pulogalamuyi kuwapempha kuti awonjezere funso la mayina a mapiritsi pa fomu yawo, ndiponso kuti wotchi ija iziuza munthu kuti adye pamene walemba nambala yotsika kuposa 3.9, ndipo anandiyankha kuti pempho langa lafika kwa oyenera.