Sukulu ya ana anga sakwapula, koma pali zina zikundiwawa

Makolo anzanga amene mukusakasaka sukulu ya pulaiveti yoti mukalembetse ana teremu ikubwerayi, ndati ndikuuzeniko za imene ana anga awiri akuphunzira kuno ku Lilongwe, wamkulu ali sitandade 5 wamng'ono sitandade 2. Dzina sinditchula poti anawa akadali komweko nde zina zimene ndinene pano sizokoma, sindikufuna mawa azikawayang'ana ndi diso lina. Kumbali ya maphunziro ndingonena mwachidule kuti kuli bwino, ana a sitandade 8 amasankhidwa ndithu, makalasi ndi osadzadza, madamu amadziwa mwana aliyense ndi dzina lake, homuweki amachonga, zimbudzi n'zosamalika olo madzi asiye amakhala atasunga m'migolo. Chimene ndikufuna ndikhazikikepo ndi nkhani ya mwambo, chifukwa ndi imene timakangana kwambiri pa gulupu ya makolo ya WhatsApp, ndipo kunyumba kwanga komwe ine ndi mayi anga sitinamvanebe mpaka lero.

Pasukulu imeneyi sakwapula. Tsiku lolembetsa ahedi amakuuziratu kuti bambo, kuno mphunzitsi akakweza dzanja pa mwana ntchito yatha, ndipo mukakhala kuti mukufuna sukulu yomenya pitani kwina. Mu ofesi mwawo anamata pepala la nambala ija ya 116, ya Tithandizane, yoimba ulere mwana akachitidwa nkhanza, ndipo anaimata pansi poti mwana wa sitandade 1 atha kuiwerenga. Makolo ena zimenezi zimawanyansa, akuti mukuphunzitsa ana kuneneza akuluakulu. Ine zinandigwira mtima, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake mpaka ndikuuzeni kumene ndinachokera.

Ine sukulu ndinayamba nthawi ya Kamuzu, kumudzi ku Dedza. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tinkaziloweza tisanadziwe n'komwe kulemba dzina, apayoniya ankabwera kudzatigubitsa pa galaundi, ndipo mwana sankayankha wamkulu, basi. Belu linali chitsulo cha galimoto chopachika pa mtengo, likalira iwe uli kutsidya kwa dambo umadziwiratu kuti lero zakuvuta, umakapeza aphunzitsi ataima panjira ndi ndodo yothyola kumene. Koma chimene sindidzaiwala ndi rula. Mwezi wa Juni ku Dedza mukukudziwa kuzizira kwake, ife opanda juzi opanda nsapato, zala zitauma gwa, nde walakwa samu imodzi akuti sonkhanitsa zala, akumenya ndi m'mbali mwa rula pansonga penipeni, kenako akuti gwira pensulo ulembe. Zala zikukana, misozi ikugwera pa kope, inki ya mizere ija ikusungunuka. Chibalo chake chinalinso chibalo, kuzula chitsa, kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chifuwa, kusenza njerwa, kutungira madzi akazi a aphunzitsi, anzako ali m'kalasi iwe uli padzuwa ndi khasu tsiku lathunthu, mawa akufunsa zimene anaphunzira dzulo, walephera, akukwapulanso. Ukati ukanene kunyumba ndiye kwake kuwonjezera, poti kwa makolo athu mphunzitsi samalakwa.

Anzanga a msinkhu wanga amakonda kunena kuti ife tinakwapulidwa koma taonani tinakula bwino. Mawu amenewa amandipweteka chifukwa amene akunenawo ndi ife amene tinatsala. Nanga aja anasiyira panjira? Ndinali ndi mnzanga wachibwibwi, akamuimika kuti awerenge mawu amakanirira pakhosi, aphunzitsi ankati akuchita dala, ankamenyedwa pafupifupi tsiku lililonse mpaka anayamba kubisala m'chimanga, kenako anangosiya. Mutu unali bwino kwabasi, masamu a pamtima ankatiposa tonse. Atsikana ambiri anasiya atakula pang'ono chifukwa cha manyazi ogonekedwa pansi pamaso pa anyamata. Amenewo palibe amawawerengera tikamayamikira chikwapu. Ndipo ngakhale ife otsalafe, ambiri tinakula ndi mantha ofunsa funso, mpaka pano munthu wamkulu ndithu pa mitingi ya kuntchito sunamve koma ungogwedeza mutu.

Zinthu zinatembenuka mu 1994. Boma la a Bakili Muluzi litabweretsa pulaimale yaulere ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, makalasi anasefukira, ena pansi pa mtengo, boma n'kulemba aphunzitsi ambirimbiri osapita kukoleji kuti angogwirizira. Nthawi yomweyo malamulo atsopano oyendetsera dziko anabwera, gawo 19 likukamba za ulemu wa munthu ndi kuletsa chilango chankhanza, mabungwe akulalikira za ufulu wa ana pa wailesi, kenako mu 2010 kunabweranso lamulo loteteza ana. Apa mpamene panayambira mawu aja oti ana a masiku ano anaonongeka ndi ufulu. Ine ndimawamvetsa aphunzitsi a nthawi imeneyo, munthu ali ndi ana opitirira 100, amuuza kuti ndodo siya koma sanamupatse njira ina iliyonse, nde ena anangotaya manja, ena anapitiriza kumenya mobisa, ndipo tisanamizane m'masukulu ambiri a boma ndi a pulaiveti omwe mpaka lero ana akumenyedwabe. Vuto silinali ufuluwo ayi. Vuto linali loti palibe anakhala pansi kuganiza kuti tikachotsa chikwapu tiikapo chani.

Nde chimene ndaikondera sukuluyi n'choti iwo anaikapo kanthu. Mwana aliyense ali ndi kabuku ka khalidwe kamene kamayenda m'chikwama, madamu amalemba, kholo umasaina Lachisanu lililonse, ndipo salemba zoipa zokha, akathandiza mnzake amalembanso. Teremu yatha mwana wanga wamkuluyu anaswa galasi la pawindo la kalasi ndi mpira nthawi ya buleki, atamuletsa kale kusewerera pafupi, ndipo choipa kwambiri ananamizira mnzake. Anandiimbira foni kuti bambo mubwere, osati mwaukali ayi. Nditafika ndinapeza ahedi, madamu ake, iyeyo ndi mnzake uja atakhala pa mipando, onse, mwana sanamugwaditse. Ahedi anangomufunsa kuti tafotokoza zinayenda bwanji, n'kukhala chete. Chete ameneyo anatalika, mwana akuyang'ana nsapato, akupotokola batani la shati, ine mtima ukundiuza kuti ndimutsine khutu ayankhe msanga, ahedi akundikwezera dzanja kuti dikirani bambo. Mapeto ake analira n'kuvomera yekha. Anamuuza kuti apepese mnzakeyo pomwepo komanso pamaso pa kalasi poti bodza analinenera pa kalasi, galasi ndinalipira ine koma anagwirizana nafe kuti ndalama yake ya buleki tiziidula mpaka atabwezako gawo, ndipo tsiku limene mmisiri anabwera kudzaika galasi lina, iye anatsala ataweruka kumugwirira zida ndi kusesa. Sanaphonye phunziro olo limodzi. Chimenechi ndicho chinandisangalatsa kwambiri, chibalo chake chinali chokhudza chimene analakwacho, osati kungomuzunza kuti amve kuwawa.

Mayi anga, amene tikukhala nawo chimwalirireni bambo, atamva anangoti mwana wanga, ana awa mukuwalera ngati dzira, mudzalira ndinu. Iwo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtengo umawongoledwa uli waung'ono ndipo kuwongolako ndi ndodo, anatilera okha movutika ndipo palibe mwa ife anakhalapo m'manja mwa apolisi, nde sindingawanyoze. Ndinawafunsa kuti amayi, kodi ine ndikaswa chinthu ndinkabwera kudzakuuzani? Anati ayi unkabisa. Ndinati nanga mdzukulu wanuyu sabata yatha atataya chenji sanabwere yekha kudzanena? Anavomera, koma anati zimenezo ndi mwayi chabe, mwana wake ndi wofatsa. Tinasiyira pomwepo. Pali china chimene amanena chimene ndimagwirizana nacho, akuti kale mwana wa mnzako anali wako yemwe, wamkulu aliyense panjira ankatha kukudzudzula, pano ukadzudzula mwana wa neba mawa amake ali pakhomo pako ndi mawu. Zimenezi ndaziona ndi maso pasukulu pomwepa, bambo wina kutsika galimoto kukalalatira madamu pamaso pa ana chifukwa anamulanda mwana wake foni m'kalasi, akuti ndimalipira ndalama zanga. Ahedi sanagonje, foni anaisunga mpaka kutsekera, ndipo apa ndiwayamikire chifukwa masukulu ambiri a pulaiveti amaopa kholo kuposa china chilichonse poopa kuluza kasitomala.

Tsopano zondiwawa.

Choyamba ndi nkhani ya fizi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 fizi yakhala ikungokwera, izo ndikumvetsa, aphunzitsi nawo akuyenera kudya. Koma njira imene amatolera ndalama ndi yoipa. Ukachedwa kumaliza, akaunti amalowa m'kalasi ndi pepala n'kuitana maina mokweza, ana amene makolo awo sanamalize atuluke, n'kukawakhazika pakhonde la ofesi mpaka nthawi yoweruka, aliyense wodutsa akuwaona. Zinamuchitikira wamng'ono wanga, mwana wa sitandade 2, malipiro atachedwa kuntchito. Anabwera osadya mpunga wake, kontena ili chitsekere, usiku akundifunsa kuti adadi kodi ndalakwa chani. Mwana sadziwa za malipiro, sanasaine pepala lililonse, ngongole ndi yanga, nambala yanga ali nayo, bwanji osandiimbira ine n'kundikalipira ine? Sukulu imene ikunyadira kuti simenya ana ikuwachititsa manyazi chonchi, ndipo manyazi amenewa mwana amawasunga nthawi yaitali kuposa mkwapulo. Ndinakadandaula, ahedi anati zandalama ndi za eni sukulu iwo alibe mphamvu. Yankho limeneli silinandikwanire ndipo silidzandikwanira.

Chachiwiri ndi kakhadi ka Chichewa. Kuyambira sitandade 3 mwana akamveka akuyankhula Chichewa olo pa buleki amamuveka kakhadi m'khosi, iye azisakasaka mnzake woti amupatsire, amene waweruka nako mawa amatolera zinyalala. Izi zinaliko kale m'masukulu ena ndipo ndimaganiza kuti zinatha. Ndikudziwa kuti makolo ambiri timapereka ana ku pulaiveti chifukwa cha Chingerezi chomwecho, inenso ndimafuna ana anga achidziwe bwino, koma kakhadi aka kakuphunzitsa ana ukazitape, mwana m'malo mosewera ali tcheru kumvetsera anzake kuti awagwire. Komanso Chichewa chomwecho adzalemba pa mayeso a MANEB mu sitandade 8, nde mukumulanga mwana chifukwa cha phunziro limene mudzafune akhoze? Wamkuluyu anayamba kuwayankha agogo ake m'Chingerezi, agogo osamva, mpaka ndinachita kukhazikitsa lamulo kuti pakhomo pano ndi Chichewa.

Za tsitsi ndingodutsapo. Mphunzitsi wina wachibambo anali ndi chizolowezi choyenda ndi sizasi pa asembule, mwana tsitsi likakula amamudula kamzere pakati pa mutu kuti akamete. Maganizo amenewa ndi a nthawi ija ya m'ma 1970 boma linkaletsa amuna tsitsi lalitali ndi akazi mathalauzi, pomwe pano olo khoti lalikulu ku Zomba mu 2023, Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Makolo titayankhula anasiya, pano amangolemba m'kabuku kaja kuti mwana amete pofika Lolemba. Apa anamva, nde ndikudziwa kuti akafuna amatha kusintha.

Kodi ndingakulimbikitseni kulembetsa? Eya, makamaka ngati mwana wanu ndi wamantha kapena wochedwa kugwira zinthu, chifukwa m'kalasi saopa kufunsa, ana anga akalakwitsa samu amakweza dzanja kunena kuti madamu sindinamve, chinthu chimene ine sindinachitepo pulaimale yonse. Koma ngati ndalama zanu zimabwera modukizaduka ngati zanga, kambiranani nawo poyamba penipeni za malipiridwe ndipo alembe papepala kuti mwana sadzatulutsidwa m'kalasi musanaimbiridwe foni. Kulikonse kumene mupite, musangofunsa kuti chaka chatha anasankhidwa angati, funsaninso kuti mwana akalakwa mumatani, akachedwa fizi mumatani, ndipo ngati n'kotheka mufike nthawi ya buleki muone nokha ngati ana amathawa aphunzitsi akamadutsa kapena amawathamangira.

Ana anga akhalabe komweko chaka chamawa. Nkhani ya pakhonde ija ndi ya kakhadi ndikaidzutsanso pa mitingi ya PTA ikubwerayi, ndipo ndapempha kuti eni sukulu adzakhalepo okha osati kutumiza ahedi. Makolo amene mwaizindikira sukuluyi powerenga, chonde mudzabwere, tisamangodandaulira pa gulupu kenako tsiku la mitingi mipando ili mbee.