Malathion 50 EC: nsabwe zinatha, koma njuchi zinapita nazo

Ndinagula mankhwalawa nsabwe za m'masamba zitandikwana. Zinali zitaunjikana kunsonga za maluwa anga, masamba atapiringizika, nyerere zili piringupiringu pamwamba pake. Ukawathira m'madzi amayera ngati mkaka, ndipo fungo lake ndi la adyo, lokanirira m'malaya ngakhale utachapa. Ndinapopera mpaka kunsi kwa masamba. Kutacha, nsabwe zinkangoyoyoka ndikagwedeza nthambi. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Malathion ali m'gulu la mankhwala ophera tizilombo otchedwa ma organophosphate. Amatsekereza acetylcholinesterase, enzyme (chinthu chopangidwa m'thupi) yomwe imazimitsa uthenga wa m'mitsempha ukafika komwe ukupita. Ikatsekeka, uthengawo suleka, ndiye kachilombo kamangonjenjemera mpaka kufa. Vuto ndi lakuti enzyme imeneyi nafenso tili nayo. Chomwe chimatipulumutsa n'chakuti matupi athu amaphwanya malathion msanga, pomwe mwa kachilombo amasanduka malaoxon, poizoni wamphamvu kuposa mwini wakeyo. Koma musadalire zimenezo. Tsiku lina ndinapopera kuli kamphepo, osaphimba kukamwa, ndinagona mutu ukuwawa, nseru ili tho. Mukaona malovu akuchuluka, thukuta lili kamukamu ndipo simukuona bwino, thamangirani kuchipatala, botolo lili kumanja. Kumeneko amabaya atropine, mankhwala olimbana ndi poizoniyu.

Osungunula kale musasunge. Ine ndinachita umbombo, ndinasiya otsala m'chopopera kwa mlungu wathunthu, ndipo nditawagwiritsa ntchito nsabwe sizinatekeseke n'komwe. Mankhwalawa amatha mphamvu akakhalitsa m'madzi, makamaka madzi a laimu wambiri. Botolo lenilenilo ndimaliika pamalo ozizira, chifukwa likatenthedwa mumapangika isomalathion, yemwe amafooketsa mphamvu ija ya matupi athu yophwanya malathion. N'zomwe zinachitika ku Pakistan mu 1976: anthu opopera udzudzu wa malungo anadwala miyandamiyanda, asanu n'kumwalira.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi njuchi. Ulendo wachiwiri ndinapopera m'mawa maluwa atamasula, ndipo masana ndinazipeza pansi zikuzungulira chagada. Mlandu ndi wanga, pachikalata cha botolo analemba kuti amapha njuchi, koma tizilembo take n'tating'ono zedi. Kwa nsomba nakonso ndi poizoni, choncho madzi otsukira chopopera sindimawataya kufupi ndi ngalande.

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Panopa ndimapopera dzuwa litalowa, magolovesi kumanja, ndipo nthambi zomwe zili ndi maluwa ndimazidumpha.