Silikoni, butyl kapena labala watsopano? Zomwe ndinaona pa 240D yanga yodontha

Mvula ikangoyamba mu Novembala foni yanga sipuma. Kuno ku Lusaka, wa Peugeot 504 ku Matero, wa Datsun ku Chelstone, onse funso ndi limodzi: "Akulu, kapeti yanyowa, batire nayonso ikumatha yokha usiku, ndiyambire pati?" Ndayankha mmodzimmodzi mpaka kutopa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere.

Yanga ndi Mercedes 240D ya 1982, mtundu wa W123 womwe unapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986. Anandisiyira malemu bambo anga. Injini yake sinandikhumudwitsepo. Chomwe chinandidyera ndalama ndi madzi, ndipo mavuto a magetsi anabwera pambuyo pa madziwo.

Musanagule chilichonse, pezani pomwe madzi akulowera. Wina akhale m'kati ndi tochi, kapeti itachotsedwa, wina azithira ndi payipi kunja kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono. Pa W123 tsegulaninso boneti muone timabowo totulutsa madzi kumunsi kwa mahinji. Kwathu ku Kabwata galimoto imagona pansi pa jakaranda, ndipo timasamba take tinali titatseka timabowoto ngati phala. Onaninso pansi pa batire, chifukwa asidi amadya chitsulo pamenepo mpaka madzi kumatsikira kumapazi. Zimenezi n'zaulere. Kwa ine zitatha izi panatsala ngodya yam'munsi ya galasi lakutsogolo, ndipo apa ndi pomwe pali zosankha zitatu: silikoni, butyl, kapena kusintha labala wozungulira galasi.

Silikoni ndi amene aliyense amathamangira, poti ndi wotchipa ndipo ali mu hadiweya iliyonse. Inenso ndinagwa momwemo. Mnyamata wina woika magalasi cha ku Kamwala anazungulitsa labala yense ndi silikoni woyera, n'kusalaza ndi chala chonyowetsa malovu. "Bwana, apa ngakhale mvula ya masiku atatu siilowa," anatero. Galimoto inanunkha viniga sabata yathunthu. Sindinadziwe kuti fungo limenelo ndi asidi amene silikoni wa m'nyumba amatulutsa pouma, ndipo akakhudza chitsulo chopanda penti amayambitsa dzimbiri.

Mwezi woyamba kunali gwa, ine n'kumauza anzanga kuti ndapeza mankhwala. Koma labala wa zaka 40 anali atang'aluka kale pamwamba. Dzuwa la Okutobala linasupula silikoni malo ena, madzi n'kumalowa m'mwamba, kutsika ndi ngalande ya galasi, kufika pansi n'kupeza potulukira patamatidwa. Anakhala momwemo nyengo ziwiri za mvula. Tsiku lomwe tinachotsa galasi ndinapisa chala pangodya ija, chala chinatulukira m'kati mwa galimoto, kuseri kwa dashibodi. Dzimbiri linkangoyoyoka ngati makoko a mtedza. Ndinakhala pansi pa tayala lakale n'kukumbukira momwe bambo ankapukutira galimotoyi Loweruka lililonse m'mawa, mtima unandiwawa kwambiri.

Si zokhazo. Wowotcherera atatseka bowolo, wopenta anapopera kawiri konse penti ikukana, ikuchita timaso, chifukwa pomwe padutsa silikoni penti sigwira mpaka mutapala n'kutsuka bwinobwino. Ndinalipira penti kawiri. Tsono amene amati silikoni ndi wotchipa amawerengera chubu chokha. Ine pa galimoto yanga sadzafikanso, ngakhale wina atandipatsa waulere.

Butyl ndi phala lakuda losauma, lomwe mumalowetsa kunsi kwa mlomo wa labala osati pamwamba. Silidya chitsulo ndipo galasi limadzachoka popanda nkhondo. Ngati labala wanu akadali wofewa ndipo akungodontheza pang'ono, gulani limeneli. Limadetsa manja ndiponso silipezeka paliponse, ine ndinayenda masitolo angapo mu Panganani Road ndisanalipeze. Guluu wolimba wa magalasi a magalimoto amakono musamuyandikize kwa galasi la labala, mudzaliswa polichotsa.

Labala watsopano ndiye wodula kuposa zonse, komanso ndi yekhayo amene anathetsa nkhani. Chenjerani pa zinthu ziwiri. Pali labala wotsanzira, wouma ngati sopo, amene sakhala bwino m'ngodya. Wanga woyamba anali wotere, ndinamutaya n'kuitanitsa weniweni kuchokera ku Johannesburg. Chachiwiri ndi mtengo wobisika: woika galasi anatchula ndalama ya ntchito, koma zoti galasi likasweka m'manja mwake mutu ndi wanga anazinena galimoto ili kale pakati pa ntchito. Funsani zimenezi poyamba penipeni. Auzeni adule labala wakale ndi mpeni m'malo mokankha galasi ndi mapazi, alowetse kachitsulo konyezimira mu labala galasi lisanakwere pa galimoto, kenako akoke ndi chingwe ali m'kati. Akayamba kukhoma kachitsuloko pomaliza, ameneyo W123 sakuidziwa.

Za magetsi njira ndi ziwiri basi. Wamagetsi wa m'mbali mwa msewu ndi wachangu, ndipo pali ena odziwadi ntchito. Amene ndinakumana naye ine anakulunga fyuzi yopsa ndi pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya, n'kukokera hutala waya watsopano kuchokera ku batire wopanda fyuzi. Hutala inalira, inde, koma umu ndi momwe magalimoto amapsera pa msewu.

Njira ina ndi multimeter (mita yoyezera magetsi) yotchipa ndi kudekha kwanu, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Batire yodzaza, injini itazima, imasonyeza ma volt pafupifupi 12.6. Injini ikuyenda izikhala pakati pa 13.8 ndi 14.4, ikapanda kufika pamenepo yang'anani altaneta ndi lamba wake. Ngati batire ikutha usiku, masulani waya wa negetivu, ikani mita pakati pa wayayo ndi batire, ili pa maampu, zitseko zili zotseka, ndipo musayese kuliza injini. Zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Galimoto yakale yomwe ili ndi wotchi yokha siyenera kupyola ma milliamp 50. Yanga inagwa pa fyuzi ya nyale zam'kati: kaswitchi ka pachitseko kanali katanyowa n'kuchita dzimbiri.

Mafyuzi a W123 ndi aja osongoka mbali zonse ziwiri, yoyera ndi ya maampu 8, yofiira 16, yabuluu 25. Amaoneka amoyo pomwe nsonga zake zadyeka. Sinthani onse kamodzi, sankhani a kachitsulo kamkuwa, ndipo kwechani timanja towagwira mpaka tiwale. Geji ya kutentha ikamakwera mukangoyatsa nyale, musathamangire kumasula radiyeta. Pa magalimoto a ku Germany waya wabulawuni ndi wa earth, womangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndipo gulu la mawayawa limamangidwa pamodzi kuseri kwa mageji. Anga anali obiriwira ndi chinyezi cha galasi lija. Nditawapala ndi sandipepa n'kupaka girizi pang'ono, singano inakhala pamalo pake.

Wa 504 ku Matero anabwera Lamlungu lapitali chubu cha silikoni chili kale pa mpando. Tinachisiya momwemo, tinatenga payipi ndi tochi. Madzi ake ankalowera pa labala wa nyale yakumbuyo n'kudzaza buti, galasi linalibe mlandu. Langa lakumbuyo ndilo layamba kuchita nthunzi pangodya, labala wake ndaitanitsa kale ndipo ndikufuna akwere Disembala isanafike.