Timikanda ta polystyrene ta mananomita 500: zimene ndaona pa botolo loyamba

Ndinagula botolo laling'ono la timikanda ta pulasitiki ya polystyrene tosungidwa m'madzi, tokula mananomita 500 (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni imodzi a milimita), chifukwa ndinkafuna kundandalika tizidutswa ta siliva ndi golide pagalasi popanda kudikira makina a electron beam lithography, amene amajambula kadontho kamodzikamodzi ndipo amatha maola ambiri pamalo ochepa kwambiri. Njira yogwiritsa ntchito timikanda, yotchedwa nanosphere lithography, inatchuka kudzera mu ntchito ya John Hulteen ndi Richard Van Duyne a ku Northwestern University m'chaka cha 1995, ngakhale kuti ena anali atayesapo kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Timikandato timayalidwa pagalasi mosasanjikizana n'kuthithikana monga zisa za njuchi, kenako chitsulo chimatenthedwa m'chipinda chopopedwa mpweya mpaka nthunzi yake igwere m'mipata yotsala pakati pa timikanda titatu tilitonse. Timikanda tikachotsedwa, pagalasi pamatsala tizidutswa ta makona atatu, ndipo pa timikanda ta kukula kumeneku kachidutswa kalikonse kamakhala ka mananomita pafupifupi 115.

Chimene ndikuyamikira koposa pa botolo limeneli n'chakuti timikanda take n'tofanana kukula. Nkhani yonse yagona pamenepa, chifukwa kamkanda kamodzi kokulirapo kakalowa pakati pa tinzake kamasokoneza mizere yonse yoyandikana nako, ndipo chitsulo chimadutsa mumng'alu umene watsala n'kulumikiza tizidutswa timene tinayenera kukhala patokhapatokha. Nditayang'ana pa maikulosikopu ya ma electron, ndinapeza madera aakulu ondandalikidwa bwino lomwe, ndipo zolakwika zambiri zinali m'malire mmene dera lina limakumana ndi linzake, zomwe sizipeweka pa njira imeneyi ngakhale timikanda titakhala tabwino chotani.

Koma sabata yoyamba inandivuta kwambiri, ndipo apa wogulitsa ndikumudandaula. Pepala lobwera ndi botolo silinatchule kuti m'madzimo muli surfactant, mankhwala a mtundu wa sopo amene amathiridwa kuti timikanda tisamatirirane. Ndinayesa kangapo kutiyala pozunguza galasi pa makina otchedwa spin coater, koma tinkaunjikana malo ena n'kusiya malo ena opanda kanthu, mpaka nditalemba kalata yofunsa ndi pamene anandiuza za mankhwalawo. Nditatitsuka katatu pa centrifuge, makina ozunguza olekanitsa timikanda ndi madzi, ndi kutisakaniza ndi ethanol wochuluka mofanana ndi madzi, zinthu zinasintha. Ndinasiyanso kuzunguza galasi n'kuyamba kudontheza timikanda pang'onopang'ono pamwamba pa madzi, pomwe timayandama n'kudzindandalika tokha, kenako n'kutinyamula ndi galasi lotsukidwa ndi oxygen plasma (mpweya wa oxygen wopatsidwa mphamvu ya magetsi) kuti lizigwira madzi paliponse. Chiganizo chimodzi chokha papepala chikanandipulumutsira masiku onsewo.

Pa zitsulo ziwirizi, siliva ndiye anandipatsa zotsatira zamphamvu. Tizidutswa timeneti timagwira kuwala chifukwa ma electron a m'chitsulo amagwedezeka pamodzi kuwala kukawagunda, ndipo mphamvu yake imasonkhana m'makona akuthwa, n'chifukwa chake tizidutswa ta makona atatu timathandiza kwambiri pa surface-enhanced Raman scattering, njira yozindikirira mankhwala poyeza kuwala kwa laser kumene amamwaza ali pachitsulo, imene inaonedwa koyamba mu 1974 ku Southampton pamene Martin Fleischmann ndi anzake ankayeza mankhwala otchedwa pyridine pa siliva wokhakhala. Nditayeza utoto wotchedwa rhodamine 6G pa siliva wanga, chizindikiro chinatuluka chomveka bwino, koma patangopita masiku ochepa galasi limene ndinalisiya pamtunda linayamba kuda chifukwa sulufule wa mumpweya amadya siliva, ndipo chizindikirocho chinafooka. Vuto limenelo si la timikanda ayi, koma aliyense wogula ayenera kukonzeratu malo osungira opanda mpweya wotere.

Golide sachita zimenezo, komabe ali ndi khalidwe lake, pakuti samata bwino pagalasi. Ndinayamba ndaika titanium, chitsulo chomata bwino pagalasi, wa mananomita awiri kapena atatu pansi pake, apo ayi tizidutswa tinkachoka limodzi ndi timikanda potsuka, ngakhale kuti titanium ameneyu amafooketsa pang'ono kagwiridwe ka kuwala. Ndi laser ya mafunde otalika mananomita 785 golide anachita bwino, pamene ndi ya 532, ya kuwala kobiriwira, sanandikhutiritse, popeza golide amameza kuwala kobiriwira m'njira imene sithandiza muyeso.

Timikanda timeneti sitingakupatseni mpangidwe uliwonse umene mungaufune. Amene akufuna timizere, timabwalo tosiyanasiyana kapena mipata yoyezedwa ndendende pakati pa tizidutswa tiwiri adzafunikabe electron beam. Koma kwa amene akufuna malo aakulu a tizidutswa tofanana oti ayezerepo mankhwala kambirimbiri, botolo limeneli ndi loyenera, ndipo ine ndidzagulanso, mwina la timikanda tocheperapo kuti tizidutswa tizigwira kuwala kwa mafunde aafupi. Lisungidwe m'firiji koma lisaundane, chifukwa timikanda toundana timamatirirana osabwereranso mwakale, ndipo musanagule funsani kaye zimene zathiridwa m'madzi ake.