Studio ya banja ku Walt Disney World: Bay Lake Tower, Animal Kingdom Villas kapena Old Key West

Banja lomwe likukonzekera ulendo wa ku Walt Disney World, malo achisangalalo okhala ndi mapaki anayi kufupi ndi mzinda wa Orlando m'chigawo cha Florida ku America, limafunika kusankha kogona lisanaganize n'komwe za matikiti, ndipo ambiri amene ali ndi ana amafika poganizira studio za Disney Vacation Club. Dongosolo limeneli linayamba mu 1991 ndipo ndi la mtundu wa timeshare: membala amagula mapointi omwe amalandira chaka ndi chaka mpaka mgwirizano wake utatha, ndipo usiku uliwonse umadya mapointi molingana ndi malo, nyengo ndi kukula kwa chipinda. Amene si membala angathe kulipira membala wina kuti amusungitsire chipinda ndi mapointi ake, njira yomwe kawirikawiri imatsika mtengo poyerekeza ndi kulipira chipinda chomwecho mwachindunji, ngakhale kuti ulendo ukalephereka ndalama sizibwezedwa msanga, mwinanso sizibwezedwa konse.

Studio zonse zimafanana pa zinthu zingapo. Ndi chipinda chimodzi chokhala ndi bafa, firiji yaing'ono, microwave, sinki ndi makina opangira khofi, koma mulibe chitofu kapena makina ochapira zovala. Zimenezo zimayambira m'nyumba ya chipinda chogona chimodzi, yomwe imadya mapointi ochuluka kwambiri. Choncho chakudya cham'mawa ndi kutenthetsa zotsala n'zotheka, koma kuphika mphika weniweni wa banja sikutheka. Chomwe chimazisiyanitsa ndi mabedi, mtunda ndi mapointi, ndipo pa zitatuzi ine ndimaika mtunda patsogolo ngati ana sanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi.

Pa nkhani ya mtunda, Bay Lake Tower, yomwe inatsegulidwa mu 2009, ilibe mnzake. Inamangidwa pambali pa hotela ya Contemporary, ndipo kuchoka pakhomo kukafika pachipata cha paki ya Magic Kingdom ndi ulendo wapansi wa mphindi pafupifupi khumi. Ubwino wake umaoneka masana, makamaka m'miyezi ya June, July ndi August pamene Florida imatentha koopsa ndipo mvula yamabingu imagwa pafupipafupi chakumasana: mwana akatopa, makolo amabwerera naye kuchipinda, amamugoneka, ndipo madzulo amabwereranso kukaonera makombola okongola a usiku popanda kuima pamzere wa basi. Usiku pakiyo ikatsekedwa, khamu lonse limathamangira mabasi, maboti ndi sitima ya monorail, pamene wogona pano amangoyenda ndi mwana wake ali m'tulo pangolo. Mtengo wa mwayi umenewu ndi kuchepa kwa malo. Studio yake ndi ya masikweya mita pafupifupi 31, imalandira anthu anayi, ndipo bedi lachiwiri ndi lopinda. Likatambasulidwa, poyenda pamatsala pochepa, ndipo masutikesi amasowa pokhala. Mapointi akenso ndi okwera, makamaka pa zipinda zoyang'ana kupaki.

Old Key West, malo oyamba a dongosololi, imasiyana nayo pafupifupi pa chilichonse. Studio yake ndi yotakasuka, masikweya mita pafupifupi 36, ndipo ili ndi mabedi awiri aakulu enieni, chinthu chomwe banja la ana okulirapo lidzachiyamikira usiku uliwonse, chifukwa mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi sagona bwino pa bedi lopinda kwa sabata yathunthu. Mapointi ake ali m'gulu la otsika, galimoto imaima pafupi ndi khomo, ndipo pali boti lopita ku Disney Springs komwe kuli masitolo ndi malo odyera. Koma kupita kupaki iliyonse mwa zinayi zija n'kwa basi, basiyo imazungulira kaye poima pangapo mkati mwa malowo, ndipo nyumba zambiri zilibe chikepe. Amene akupita ndi agogo ovutika miyendo kapena ndi ngolo ya mwana apemphe chipinda chapansi nthawi yosungitsa, asadikire tsiku lofika.

Animal Kingdom Villas ndiyo imakopa maso kuposa zonse. Ili ndi magawo awiri, Jambo House ndi Kidani Village, ndipo zipinda zambiri zili ndi khonde loyang'ana kudambo komwe kumadya akadyamsonga, mbidzi ndi nyama zina za mu Africa. Malo odyera a Boma ndi Sanaa ndi ena mwa abwino pa malo onse a Disney, ndipo ku Jambo House kuli zipinda zochepa za mapointi otsika kwambiri, zomwe zimatha msanga. Vuto lake ndi lakuti ili kumapeto kwenikweni kwa Walt Disney World, ndipo kupatula paki ya Animal Kingdom yomwe ili pafupi, kwina konse ulendo wa basi ndi wautali. Pano ndinene maganizo anga mosabisa: banja lomwe linaonapo nyama zili mwaufulu ku Majete, ku Liwonde kapena ku South Luangwa silifunika kuwonjezera mapointi chifukwa cha khonde loyang'ana kudambo, pakuti nyamazo zimaonekanso kuchokera pamalo oonerera omwe mlendo aliyense amaloledwa. Kwa ana obadwira ku London kapena ku Indiana omwe sanaonepo kadyamsonga pafupi, kudzuka m'mawa n'kumupeza kunja kwa zenera ndi chinthu chomwe adzachikumbukira kuposa zokwera zambiri za m'paki.

Banja la anthu asanu lisataye nthawi ndi Bay Lake Tower kapena Old Key West, chifukwa malire a anthu anayi amatsatidwa, kupatula khanda losakwana zaka zitatu logona m'kabedi kake. Ilo liyang'ane ku Polynesian Villas, komwe studio ya m'nyumba zake zoyambirira ndi yaikulu kuposa zonse zitatuzi, imalandira asanu, ili ndi posambira pawiri, ndipo monorail imaima pomwepo, ngakhale kuti mapointi ake ndi olemera.

Amene akuganiza zogula umembala m'malo mobwereka mapointi a membala wina aone kaye zinthu ziwiri. Membala amasungitsa chipinda pamalo omwe anagula miyezi 11 ulendo usanafike, koma kwina konse amayamba pa miyezi 7, ndipo studio ndizo zimatha poyamba, choncho kugula ku Old Key West ndi chiyembekezo chogona ku Bay Lake Tower nthawi ya Khirisimasi n'kudzipusitsa. Chachiwiri ndi chaka chomwe mgwirizano umatha: yambiri ya ku Old Key West imatha mu 2042, ya ku Animal Kingdom Villas mu 2057, ya ku Bay Lake Tower mu 2060, ndipo zaka zonsezo membala amalipira ndalama zosamalira malowo pa pointi iliyonse, kaya wapita kaya sanapite. Banja lomwe lidzakwera ndege yautali kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu silingathe kugwiritsa ntchito mapointi ake onse, popeza amasungika kwa chaka chimodzi chokha chotsatira, ndipo kwa banja lotero kubwereka ndiko koyenera.