Kachikwama ka ku Kili, ndakagula ku Springdale

Abale ndagula kachikwama kaja amati Kili bag ndiye ndati ndikuuzeniko. Ndinakapeza ku Springdale, Arkansas, ku America, kumene anthu a ku Marshall Islands, zilumba za m'nyanja ya Pacific, adzadza ngati ife ku Joni, ambiri amagwira ntchito m'mafakitale a nkhuku. Koyera mbee, kolukidwa ndi masamba anthete a kokonati, kothinana moti olo singano kulowa movutikira. Koma ndi kakang'ono heavy ayi ndithu, foni, makiyi ndi lipisitiki basi kadzadza, komanso kuyerako thukuta la m'manja layamba kale kuonekera pa chogwirira. Mtengo unandiwawa, ndinayamba kunenerera ngati ndili mumsika wa Limbe kkkk, kenako manyazi anandigwira mayi wogulitsayo atayamba kufotokoza.

Agogo awo anali a ku Bikini, tizilumba ta ku Marshall Islands komweko. Mu 1946 asilikali a America anasamutsa anthu 167 kuti ayesereko mabomba a nyukiliya, akuti ndi kwa kanthawi chabe. Anakawasiya ku tizilumba tina ta Rongerik komwe njala inatsala pang'ono kuwamaliza, 1948 n'kuwatula ku Kili, kachilumba ka mafunde okhaokha kopanda podekha pophera nsomba. Zikwamazi dzina zinatengera kumeneko. Ena anabwerera kwawo atauzidwa kuti kwayera, 1978 n'kuwachotsanso eti poizoni wa cesium wawalowa m'thupi kudzera mu kokonati yemwe ankadyayo.

Chomwe chandikhala pamtima ndi ichi, akuti agogowo mpaka kumwalira ankangodzisisita pakhosi kufufuza chotupa, m'mawa, potafuna, olo ali kutchalitchi dzanja lili pakhosi, chifukwa anzawo ambiri chithokomiro chinawavuta. Mtsikana akatenga pakati nyumba yonse tulo palibe, aliyense kumangoganiza kuti mwanayo abadwa wotani koma osayankhula. Ndipo adokotala akati mayi muli bwinobwino iwo osakhulupirira, ine poyamba ndinati ndi makani a okalamba, koma pajatu anauzidwapo kale kuti kwayera.

Wogulitsayo ku Bikini sanapondeko chibadwire koma akamati kwathu amanena komweko. Pa 1 March sagulitsa, ndi tsiku lokumbukira bomba la nyukiliya lotchedwa Bravo lomwe anaphulitsa ku Bikini mu 1954, phulusa lake n'kugwera anthu a ku zilumba za Rongelap, ana n'kumaseweretsa.

Ndikapatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuchepa. Osakanyowetsa, ndipo mukadya nsima musambe m'manja kaye musanakagwire.